Matenda a Kompyuta ya Wuryani

M'nyumba ya a Kasmuri, kumunsi kwa mzinda wa Semarang chakudoko, munthu wamkulu ankalowamo chowerama. Si kuti anaimanga yaifupi ayi. Nthaka ya kumeneko imatitimira chaka ndi chaka, nyanja n'kumabwera kudzayenda m'makwalala, ndiye msewu akaukweza, eni nyumba nawo amathira dothi ndi simenti m'kati kuti pansi pakwere. A Kasmuri anali atathira katatu. Denga lokha ndi limene linatsala pomwe linali. Mawindo amene kale ankayambira m'chiuno tsopano ankayambira m'akakolo, ndipo mwana wawo wamkazi, Wuryani, akaimirira pabalaza ankagwira malata chigongono chili chopinda.

Wuryani anali ndi zaka makumi atatu ndi zisanu ndi zitatu. Pa utsikana wake anagwira ntchito pa shopu ya makompyuta ya a Liem Bing Hwat m'tauni. Analowa ngati wosesa ndi wophika tiyi, koma poti anali ndi maso akuthwa ndi zala zosanjenjemera, pomatha chaka anali akumanga makompyuta kuposa amuna onse a pashopupo. Kenako anaphunzira kujambula nyumba pa kompyuta, nayamba kufunsira ntchito ku maofesi a ku Jakarta. Chaka chimene kalata yomuitana inabwera ndi chomwe mayi ake anamwalira, ndipo patangopita miyezi inayi bambo ake anagwa m'boti akukoka ukonde, nafa ziwalo mbali yakumanja. Mlongo wake wamkulu, Gunarto, anali ndi mkazi ndi ana atatu kutali ku Bekasi. Za amene akhale ndi mdala sanachite kukhalirana pansi. Wosakwatiwa anali Wuryani, nkhani inathera pomwepo.

Kompyuta imene ankadyera anaimanga yekha. Bokosi lake anatola pa zotayidwa za kushopu, bolodi lolumikizapo zipangizo zonse anagula latsopano, timapale tiwiri ta memore ndi khadi la zithunzi anagula kwa munthu wina amene mkazi wake anamuletsa masewera a pa kompyuta. Mawaya anawaluka bwinobwino ngati tsitsi la mkwatibwi. Anaiika pa thebulo lalitali miyendo pakona ya pabalaza, moyang'anana ndi khomo la kuchipinda, kuti akamagwira ntchito aziwaona bambo ake pabedi. Ntchito inkachokera kwa a Prasojo, omanga nyumba za anthu olemera kumapiri a kumtunda kwa mzinda. Iwo ankatumiza mapulani, Wuryani n'kuwasandutsa zithunzi zonga zojambula ndi kamera: kapinga wobiriwira, galimoto pakhomo, dzuwa likunyezimira pa magalasi, chonsecho maziko asanakumbidwe. Chithunzi chilichonse akachikonza, kompyuta inkachita kuchiphika pang'onopang'ono mpaka chipse. Kwa zaka zinayi sinamuchititsepo manyazi.

Matenda anayamba mwezi wa Meyi. M'mawa wina, atasambitsa bambo ake ndi kuwamwetsa phala la mpunga, anadina batani. Mafani anazungulira, sikirini inawala, kenako thi! mdima. Inayambanso yokha, n'kuzimanso. Kachisanu inadzuka ndithu, koma ngati munthu amene wangochira malungo. Chithunzi chimene kale chinkapsa pa mphindi makumi awiri chinatenga maola awiri. Akatembenuza nyumba pa sikirini kuti aione kumbuyo, inkatembenuka modukizadukiza, mafani akulira ngati afuna kuuluka.

Tsiku loyamba sanachite mantha. Makompyuta odwala chonchi anachiritsapo ambiri. Anatsegula chivundikiro, nazula timapale ta memore, napukuta mano ake ndi labala ya pensulo, n'kubwezera kamodzi kaye, kenako kinako. Anachotsa kabatire konga ndalama yachitsulo kuti bolodi liiwale zonse n'kuyambiranso. Anasesa fumbi ndi bulashi. Anapala phala loziziritsa limene linauma pamwamba pa pulosesa, ubongo wa kompyutayo, napakapo latsopano. Tsiku lina lonse lathunthu anafufuta mapulogalamu onse n'kuikamo mwatsopano. Ulendo uliwonse kompyutayo inkadzuka bwino chakumadzulo, iye n'kupuma, n'kunena kuti ndakupeza. Kukacha, thi!

Chomwe chinkamuzunguza mutu n'chakuti matendawo analibe khalidwe. Masiku ena inkagwira m'mawa wonse n'kudzafa masana chithunzi chili pafupi kupsa. Kompyuta yogula yathunthu ikavuta umainyamula, n'kukaitula pa kauntala, n'kumulalatira wogulitsa. Yomanga wekha ukalalatira ndani? Waya uliwonse m'bokosimo analumikiza ndi dzanja lake.

Lolemba a Prasojo anaimba foni.

"Chemwali, zithunzi za nyumba ya adokotala zija zili pati? Khumi ndi ziwiri, paja. Lachisanu akubwera ndi akazi awo, ndipo mukudziwa kuti mawu ali ndi mayiwo."

"Zinayi zapsa, bwana. Makina akundivuta pang'ono."

"Pang'ono bwanji? Chemwali, ine ndimakukondani, koma kunja kuno kuli ana a sukulu amene akundipempha ntchito yomweyi tsiku ndi tsiku."

Atadula, Wuryani anaimbira mlongo wake. Sankayembekezera zambiri, ankangofuna munthu womva.

"Bwanji osangogula laputopu ngati anthu ena onse?" anatero Gunarto, kumbuyo kwake kukumveka mahutala a galimoto.

"Laputopu siphika zithunzi zoterezi, achimwene."

"Ndiye pita nayo kwa amisiri."

"Bambo ndiwasiya ndi ndani?"

Kenako Gunarto anafunsa funso lake la masiku onse: "Kodi pampu ija ikugwira?"

Pampuyo anatumiza ndi iye mwezi wa Epulo, msewu atangoukwezanso, madzi a m'nyanja atayamba kutulukira pa ngalande ya kukhitchini. Anthu anaikhazika m'dzenje kuseri kwa nyumba. Inali ndi kampira koyandama, kotero madzi akakwera inkadziyatsa yokha n'kuwalavulira kumsewu.

"Ikugwira," anayankha Wuryani.

"Waona? Ija ndi yapamwamba. Ine mbali yanga ndimachita, Wuri. Uwapatse moni bambo."

Lachiwiri Wuryani anakagogoda kwa mayi Ngatini, oyandikana nawo nyumba, amene ankawamba nsomba zogulitsa kumsika. Anabwera akupukuta manja pa nsalu, fungo la utsi lili patsogolo.

"Maola awiri okha, mwana wanga, nsomba zanga sizidikira munthu." Anasuzumira kuchipinda. "Inu a Kasmuri, mugone mwaulemu pamenepo. Musayambe zondifunsira, ine ndine wapabanja."

Mbali yamoyo ya nkhope ya a Kasmuri inamwetulira. "Wakalamba," anatero movutikira.

"Tamumvani! Mlomo wopindika koma mwano uli chilili."

Wuryani anakulunga kompyuta m'bulangete, naimangirira kumbuyo kwa njinga yamoto ndi zingwe za mphira, nalowera kushopu kuja pang'onopang'ono akuzemba zithaphwi.

A Bing Hwat anali atanenepa, magalasi ali pamphumi monga kale. Atamuona analeka kudya mtedza.

"Taonani amene wabwera! Pulofesa wabweretsa wodwala kwa sing'anga wakumudzi. Zakukanika iweyo?"

"Zandikanika, abwana."

Anatsegula bokosi, nanunkhiza, nakwinya mphuno. "Umaisunga m'boti kodi? Ikununkha nsomba." Anaunika ndi tochi, namuonetsa ndere yobiriwira pa mano a mawaya ndi dzimbiri pa kabokosi kolandira magetsi. "Mchere uwu. Kabokosi aka katopa, koma sikanafe. Tiye tione."

Analumikiza, nadina batani. Kompyuta inadzuka nthawi yomweyo. Anazimitsa, nayatsanso. Inadzuka. Kakhumi konse, osaphonya. Wuryani anatsegula nyumba ya adokotala, naitembenuza pa sikirini, ndipo m'chipinda chozizira chija inatembenuka myaa ngati ili pa mafuta. Anaika chithunzi chimodzi pamoto, chinapsa tiyi asanazizire. Iye anamva ngati mayi amene wathamangira kuchipatala ndi mwana wotentha thupi, mwanayo n'kukayamba kusewera pamaso pa dokotala.

"Ilibe matenda iyi," anatero a Bing Hwat. "Imangofuna kukapitidwako mphepo, ngati mwini wake. Vuto lili kwanu, Wuri. Kaya ndi kutentha, kaya ndi magetsi, koma lili kwanu." Analoza pakona ndi chibwano. "Thebulo lako lija ndi ilo, pakukhala makatoni. Bwera uzigwirira pano. Sindikufuna kanthu, ungondithandiza zikandipanikiza. Maso angawa atha."

Wuryani anayang'ana thebulolo. Chipsera cha chitsulo chowotcherera chimene anachipanga yekha kalekale chinali chikadalipo. Asanayankhe foni inalira. Anali mayi Ngatini: bambo ako akufuna kuchimbudzi, ine sindingawanyamule, ndipo nsomba zikupserera.

Lachitatu m'mawa, kunyumba, anadina batani. Mafani, kuwala, thi! Anayesanso. Thi! Anatukwana mawu amene anaphunzira kwa asodzi ali mwana, nakhala pansi pa simenti, msana kukhoma, manja kumutu. Analibenso choti azule kapena kupukuta.

"Wuri."

"Mukufuna madzi, bambo?"

"Babu."

Anadzuka n'kupita kuchipinda. A Kasmuri anali chagada, monga ankakhalira tsiku lonse, maso ali kudenga kumene babu linkayaka usana womwe poti mawindo sankalowetsa kuwala. Anakweza chala cha dzanja lamanzere.

"Babu... likaphethira... iwe umatukwana."

"Mukuti bwanji?"

"Pampu ikalira... babu liphethira. Kenako... pakamwa pako." Anapuma, malovu akutsika pakona ya mlomo. "Sabata zitatu. Ndimaona."

Wuryani anatchera khutu. Kulira kwa pampu anali atakuzolowera kotero kuti sankakumvanso. Anathamangira pabalaza, nadikira pampu ileke, nayatsa kompyuta. Inadzuka. Anapita kuseri, nagwada pa dzenje, nakweza kampira koyandama ndi dzanja. Pampu inabuma, babu la kukhitchini linagwa mphwayi kamphindi, ndipo atasuzumira pakhomo sikirini inali bii. Anabwereza katatu. Magetsi a nyumbayo anali ochepa, mawaya anali okalamba m'makoma achinyontho, ndipo pampu ikamadzuka inkameza mphamvu yonse, kabokosi kodyedwa ndi mchere kaja n'kukomoka. Mwezi wonsewo madzi ankakwera m'mawa, nthawi yomwe iye ankayatsa kompyuta. Za kuchedwa kwake nazo zinali poyera: pofika masana malata ankatentha ngati chiwaya, ali pafupi ndi bokosi, ndipo kompyuta ikatenthedwa imadzichepetsera liwiro yokha kuti isapse.

Anabwerera kuchipinda, napukuta bambo ake pakamwa. "Bwanji simunanene kale?"

"Sunafunse."

Tsiku limenelo anadikira madzi atsike, naphika zithunzi ziwiri madzulo. Kuphatikiza ndi cha kushopu chija, zinatsala zisanu, ndipo tsiku linatsala limodzi. Anaimbira a Bing Hwat za kabokosi katsopano, iwo anati koyenera kompyuta yake kafika Loweruka. Kukagwirira kushopu kunafuna tsiku lathunthu, koma Lachinayi mayi Ngatini ankakhala kumsika kuyambira m'bandakucha. Kwa oyandikana nawo ena magetsi anali ofooka chimodzimodzi, aliyense ndi pampu yake.

Lachinayi m'mawa anawafunsa bambo ake kuti madzi abwera nthawi yanji. Mdalayo sankafuna kalendala.

"Dzuwa likafika... pa mzikiti. Ambiri lero. Mwezi wakhwima."

"Ndikufuna kuzimitsa pampu, bambo."

Mdalayo anagogoda m'mbali mwa bedi ndi dzanja lamanzere. "Bedi ndi lalitali," anatero.

Wuryani anakweza thumba la mpunga ndi mbaula pamwamba pa kabati. Nsapato, mkeka wopempherera ndi mankhwala anaziika pabedi kumiyendo ya bambo ake. Mawaya onse a magetsi anawapachika ku mitengo ya denga ndi zingwe, kuti pasakhale umodzi wokhudza pansi. Kenako anazula pulagi ya pampu, nakwera pa mpando, napinda miyendo, nadina batani. Kompyuta inadzuka bwinobwino.

Madzi anayamba kulowa chithunzi choyamba chili pakati. Anatulukira kukhitchini mwakachetechete, akuda, onunkha ngalande ndi mafuta a maboti, akukankha timapepala ta pulasitiki ndi mphemvu zothawa. Anadzaza pabalaza, nalowa kuchipinda, nakwera miyendo ya thebulo. Pofika chithunzi chachitatu anali atapitirira m'akakolo, akulowanso pawindo. Kumwamba malata anali atayamba kuwawula. Mafani analira, kamzere kosonyeza kupsa kwa chithunzi kanayamba kukwawa ngati nkhono. Wuryani anachotsa chivundikiro cha bokosi, nayamba kukupiza ndi katoni, thukuta likulowa m'maso.

"Wuri. Tenga." A Kasmuri ankaloza fani yawo yaing'ono, yopachikidwa kumutu kwa bedi, imene sinkazimitsidwa chidwalireni.

"Ayi bambo, mukomoka ndi kutentha."

"Tenga, iwe."

Anatsika, nayenda m'madzimo, naimasula, nakaimangirira moyang'ana m'mimba mwa kompyuta. Kamzere kanayamba kuyendako. Kuyambira pamenepo ankangoyenda uku ndi uku: kukupiza bambo ake ndi katoni, kuwamwetsa madzi, kuwapukuta ndi nsalu yonyowa, kubwerera kukaona sikirini, kuumitsa manja asanagwire chilichonse. Masana mdalayo anafuna kuchimbudzi, koma chimbudzi chinali chitamira. Anawakhazika pa ndowa pabedi pomwepo, atawakumbatira kuti asagwe, onse awiri akuyang'ana kumbali.

Mayi Ngatini, pobwera kumsika atakwinya nsalu mpaka m'ntchafu, anawerama pakhomo.

"Kalanga ine! Pampu yafa?"

"Ndaipha ndine, mayi."

"Wapenga mwana iwe? Magetsi ali moyaka, iwe uli m'madzi, mdala ali pabedi ngati ali pachilumba! Ukufuna tidzakutoleni awiri?"

"Chatsala chimodzi."

"Chimodzi chiyani?" Anayang'ana pa sikirini, pamene dziwe losambiramo la adokotala linkaoneka pang'onopang'ono, madzi ake oyera mbee. Anapukusa mutu, nalowa, nalanda katoni m'manja mwa Wuryani, napita kukakhala m'mphepete mwa bedi. "Sunthani uko inu. Lero mwapeza mwayi, ndikukupizeni."

Chithunzi chomaliza chinaima chitatsala pang'ono. Kamzere sikanasunthe kwa mphindi khumi. Wuryani sanagwire kanthu, sanapemphere, ankangoyang'ana kamzereko. Kenako kanalumpha, chithunzi chinapsa. Anatumiza zonse khumi ndi ziwiri, nazimitsa kompyuta, nakalumikiza pampu. Kumzikiti anali akuitanira pemphero la madzulo.

Matope anawakolopa masiku awiri. Kabati ya malemu mayi ake inafufuma kumunsi, zitseko zake sizinatsekekenso. A Kasmuri anatuluka zilonda za thukuta kumsana zimene zinatenga mwezi kuti zipole. Loweruka a Prasojo analemba kuti zithunzi zakongola kwambiri, koma akazi a dokotala akufuna khitchini itembenukire kum'mawa, zithunzi zinayi zokha, pofika Lolemba.

Loweruka lomwelo a Bing Hwat anatumiza kabokosi katsopano, pamodzi ndi bokosi lakale la batire limene linkagwiriza magetsi pampu ikamadzuka. Kuzima kunatha. Kuchedwa kwa masana sikunathe, poti denga linali lomwelo. Wamagetsi atabwera kudzaona anati mawaya enieni anakwiririka pansi pa simenti itatu ija, ndipo kuti akonze afunika kugumula theka la nyumba. Wuryani anazolowera kuphika zithunzi m'mamawa ndi madzulo, masana n'kumachapa ndi kuphika zakudya.

Za thebulo la kushopu Wuryani anamuuza Gunarto. Anapempha kuti awatenge bambo kwa miyezi itatu yokha, kapena apeze munthu wowasamala masana. Gunarto anati nkhani yaikulu chonchi si ya pafoni, adzakambirana pa chikondwerero cha Idi. Pa Idi anabwera ndi ana, nakhala maola atatu, mkazi wake ataphimba mphuno ndi mpango, ndipo a Kasmuri anakondwa kwambiri ndi adzukulu kotero kuti Wuryani sanaiyambe nkhaniyo. A Bing Hwat anadikira mpaka kumapeto kwa chaka, kenako analemba munthu wina.

Patapita chaka ndi theka, a Prasojo anamuuza kuti nyumba ya adokotala yatha, akapeza mpata akaione. Wuryani anali atajambula nyumba zoposa makumi asanu koma sanaonepo ngakhale imodzi ndi maso. Lamlungu lina anapempha mayi Ngatini, nakwera njinga yamoto kulowera kumtunda. Msewu unali wokwera ndi wokhotakhota, mphepo inayamba kuzizira, mitengo inali italiitali. Anasochera kawiri. Ataipeza anaima kutsidya kwa msewu, osatsika panjinga.

Anaidziwa yonse, zenera ndi zenera. Inali yaing'ono poyerekeza ndi mmene ankaiganizira. Kapinga anali asanamere, pakhonde anayanikapo matawulo, ndipo khitchini inali kumadzulo, komwe inali poyamba paja. Mlonda anatuluka m'kanyumba kake, nawoloka msewu.

"Mukufuna ndani, mayi?"

"Palibe, bambo. Ndimangoona."

"Eni ake sakonda anthu oima pano."

Anafuna kumuuza kuti amadziwa kuti masitepe a m'katimo alipo khumi ndi asanu ndi awiri, koma anaona kuti munthuyo ali pa ntchito yake. Anapepesa, natembenuza njinga. Potsika anaima pa wogulitsa m'mbali mwa msewu, nagula madzi a nzimbe a ayezi matumba awiri, la bambo ake ndi la mayi Ngatini, nawapachika pa chiwongolero. Chakudoko anapeza msewu wadzaza malole, ndipo pomafika kunyumba ayezi anali atasungunuka. A Kasmuri anamwa choncho, pang'onopang'ono, nafunsa ngati kumtundako kunagwa mvula.